Zimene Ndinaphunzira Polimbitsa Mlatho wa Malume Anga

Kwathu ku Kasungu timasiyanitsa ulalo ndi mlatho. Ulalo ndi mitengo yogonekedwa pamtsinje, pomwe mlatho umamangidwa ndi simenti kapena zitsulo. Wa malume anga uli pakatikati: zitsulo ziwiri zotalika mamita 6, zooneka ngati lemba la I ukaziyang'ana kumapeto, ndipo pamwamba pake anayalapo matabwa a bulugama. Anaumanga kuti ngolo ndi kapikapu ziziwoloka popita kumunda wa fodya. Vuto linabuka atafuna kuti lole ya matumba 200 a feteleza izifika pashedi penipeni. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, choncho katundu yekha ndi matani 10, osawerengera loleyo. Dalaivala atafika pamlathopo anatsika, nasuzumira kunsi, n'kukana kuwoloka.

Malume anaitana injiniya. Popeza iyeyo ankasakaniza kwambiri Chingerezi, ine ndinasanduka womasulira, ndipo nkhani ino ikufotokoza zimene ndinatolapo.

Iye sanayambe ndi zitsulo. Anatsikira m'madzi kukaona zipilala za m'mphepete, chifukwa madzi osefukira amakokolola dothi kunsi kwa maziko, ndipo chitsulo chabwino sichithandiza ngati pokhala pake pagumuka. Kenaka anagogoda ndi hamala kumapeto kwa zitsulo, pamene matope amaunjikana. Dzimbiri linayoyoka ngati makungwa, ndipo anayeza kuti aone kuchindikala kumene kwatsala.

Apa ndi pamene mawu anandivuta. Malume ankangoti, “Chitsulochi n'cholimba, mphwanga, chakhala zaka.” Koma mneni woti kulimba amanyamula zinthu ziwiri zimene injiniya amazisiyanitsa: kusathyoka ndi kusapindika. Ndinabwereka rula ya mwana wasukulu. Ukaigoneka chafulati pakati pa njerwa ziwiri n'kuidina, imapindika msanga, koma ukaiimika chammbali imakana. Rula ndi yomweyo, chasintha ndi msinkhu wake. Mtanda ukalemedwa, mbali yapamwamba imapanikizika, yapansi imakokeka, ndipo pakati sipavutika kwenikweni ndi kupindikako. N'chifukwa chake chitsulo cha I chili ndi milomo yotambalala pamwamba ndi pansi, koma pakati n'chopyapyala. Malume anaimvetsa rulayo kuposa chiganizo chilichonse chimene ndinayesa kupanga.

Njira yoyamba imene tinakambirana inali kuwotcherera mapuleti achitsulo kunsi kwa milomo yapansi. Imathandiza, koma ili ndi malamulo ake. Mlatho uyenera kutukulidwa kaye ndi jeke kuti puleti yatsopano igawane ndi chitsulo chakale kulemera kwa mlatho weniweniwo, ndipo pamene kuwotcherera kwathera ndi pamene ming'alu imakonda kuyambira galimoto zikamadutsa kawirikawiri. Wowotcherera mageti pamsika, ngakhale waluso, si woyenera ntchito yotere. Njira ina inali kumanga chipilala pakati pa mtsinje. Utali wa mtanda ukadulidwa pawiri, mphamvu yopinda yochokera ku tayala lokhala pakati imatsika ndi theka. Koma mtsinje wathu umabwera ndi zitsa nthawi yadzinja, ndipo chipilalacho chikanakhala chokola zinyalala.

Malume anali ndi maganizo awo: kuthira konkire yochindikala pamwamba. Kwa ine zinkamveka zanzeru, koma injiniya anakana. Konkire yongosanjika ndi katundu amene zitsulo zidzasenza usana ndi usiku, lole isanafike n'komwe. Anatikumbutsa za mlatho wa I-35W ku Minneapolis, m'dziko la America, umene unagwa mu 2007 n'kupha anthu 13. Ofufuza anapeza kuti mapuleti ena olumikizira zitsulo anali opyapyala kuyambira pomanga, ndipo konkire yowonjezeredwa m'zaka zapambuyo, pamodzi ndi mchenga ndi zipangizo zimene zinaunjikidwa pamlathopo tsikulo, zinawalemetsa mopitirira.

Pomaliza anagwirizana zowonjezera zitsulo zina ziwiri zazikulupo, kuziika molunjika pamene matayala a lole amaponda, chifukwa kulemera kwa lole sikumwazika mofanana: kochuluka kumagwera pa ekiselo yakumbuyo. Zitsulo zinayizo anazimanga pamodzi ndi zina zopingasa kuti china chisagwere chammbali, ndiponso kuti tayala likaponda chimodzi, zinzake zithandizeko. Matabwa opyapyala anachotsedwa, dzimbiri linapalidwa, penti n'kupakidwa.

Ndalama zake zinadya gawo lalikulu la fodya wa chaka chimenecho, ndipo malume anadandaula mpaka ntchito kutha. Chikwangwani cha kulemera kololedwa anandipatsa ine kuti ndilembe. Ndinayamba ndalemba kuti “Katundu asapitirire matani 15,” koma injiniya anandifunsa ngati dalaivala powerenga adzawerengera ndi lole yomwe. Ndinafufuta, n'kulemba kuti “Galimoto pamodzi ndi katundu wake zisapitirire matani 15.” Zimenezi zinatanthauza kuti matumba 200 aja azibwera maulendo awiri, ndipo ndinasiyira injiniya kuti awauze yekha malume.