Kuwedza Nsomba ndi Nthenga za Nkhuku

Alimi a ku Chalimbana adziwa cimene cimacitika pa madzi mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa November. Inswa zikauluka, zambiri zimagwera mu mtsinje, ndipo nsomba zimakwera pamwamba kudzazitola. Munthu angathe kunyenga nsombazo ndi inswa yopanga yekha ndi nthenga za nkhuku zace.

Nzeru iyi si ya lero. Mlembi wa ku Roma, dzina lace Aelian, analemba pafupi ndi caka ca 200 kuti anthu a ku Macedonia anali kukulunga ubweya wofiira pa mbedza, namangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Ku Kenya nchito yomanga nyambo zotere imadyetsa mabanja ambiri, pakuti amazigulitsa ku Ulaya ndi ku America.

Kamangidwe kace ndi aka. Panikizani mbedza yaing'ono m'kamtengo kong'aluka, kuti manja onse awiri agwire nchito. Kulungani ulusi kuyambira pa diso la mbedza kufikira pokhota, ndipo pamwamba pace mukulunge ubweya woderako. Limeneli ndilo thupi. Mapiko ndi nthenga ziwiri zazing'ono zotuwa, zogona cakumbuyo. Tsono tengani nthenga yoonda ya pakhosi pa tambala, muizunguze katatu kapena kanai kuseri kwa diso, kuti tsitsi lace liimirire ngati miyendo. Nthenga imeneyi ndiyo iyandamitsa nyambo. Ya thadzi siyenera, cifukwa njofewa, imamwa madzi msanga. Potsiriza mangani mfundo yolimba. Ambiri amalakwa pocurutsa nthenga. Inswa njoonda, ndipo nsomba iri ndi maso.

Ndodo zodula za alendo musade nazo nkhawa. Nsungwi yaitali ikwana, ndi cingwe colingana nayo utali. Anthu a m'mapiri a ku Japan akhala akuwedza motero kuyambira kale. Imani kumunsi kwa dziwe, ponyani cakumtunda, madzi atenge nyambo okha, ndipo cithunzithunzi canu cisagwere pa madzi.

Mtsinje wa Chalimbana umathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amathira mu Zambezi pa malire a Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1983. Kumeneko alendo amawedza mceni ndi nthenga zazitali zonga kansomba, naika kawaya patsogolo pa mbedza, pakuti mano a mceni amadula cingwe. Akaigwira amaibwezera m'madzi.

Mbedza imatenga nsomba imodzi imodzi, koma ukonde wa udzudzu umakokolola ana ndi mazira omwe, ndipo lamulo limauletsa pamodzi ndi mankhwala akupha nsomba. Kumbukiraninso kuti Boma limatseka kuwedza m'mitsinje yambiri kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, nsomba zikamaswana. Cotero masiku owedza ndi inswa ngocepa. Sungani nthenga tsiku lopha tambala, ndipo nyambo zanu muzimange mu October, mvula isanadze ndi nchito ya kumunda.