Kapinga wa ku Nkhorongo mvula ikamayandikira: zoyenera ndi zosayenera

Ife a ku Mzuzu tinazolowera kubiriwira. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumazizira, ndipo mvula imachedwa kutsanzika, mwina mpaka Epulo kapena Meyi. N'chifukwa chake dzuwa la Okutobala likaomba, kapinga n'kuchita mawangamawanga, mtima umakhala m'mwamba ndipo ambiri timathamangira kusitolo ya zaulimi kukafunsa mankhwala. Kuno ku Nkhorongo ndaona makomo ambiri akuthiridwa mankhwala pomwe vuto lili pa mpeni wa makina otchetchera, kapena pa maduka a njerwa omwe amisiri anakwirira atamaliza kumanga.

Choyenera: gwadani pansi muone. Gwirani udzu wofiirawo m'dzanja n'kuukoka. Ukakana kuzuka, ndipo m'munsi mwake muli timitsitsi toyera tolimba, kapingayo ali moyo, wangogona podikira mvula. Ukanyamuka wonse ngati mphasa yakale, mizu yadyedwa, ndipo mukafukula ndi chala mupeza mbozi zoyera zopindika, za mutu wofiirira. Tengani msomali wa sikisi inchi muubaye pomwe pauma. Ukalowa pang'ono n'kuima, dothi lagogomezeka, makamaka poimika galimoto ndi m'njira yopita kumpopi. Pamenepo pakufunika kubayabaya ndi foloko ya kudimba, kenako manyowa.

Chosayenera: kupereka mlandu umodzi pa mawanga onse. Bwalo laling'ono louma lokhala ndi mkombero wobiriwira kwambiri ndi mkodzo wa galu. Mzere wouma wochokera pochapira ndi madzi a sopo. Udzu wopyapyala pansi pa mtengo wa mapeyala kapena pafupi ndi bulugamu ukusowa dzuwa ndi chinyezi, ndipo palibe botolo lomwe lingauchiritse.

Choyenera: dziwani mdani musanamenye nkhondo. Chiswe chimadziulula chokha: chimamata dothi pa udzu wouma, ndipo mukaphwanya ndi phazi chimabalalika. Chimabwera chifukwa cha zinyalala za udzu zomwe zaunjikana pansi, choncho yambani ndi kuzipala n'kupita nazo kudzenje la manyowa. Milu ya dothi lofewa yotuluka usiku ndi ntchito ya mfuko. Timauna tokhala ndi kamulu pakhomo n'ta nkhululu. Zoopsa kwambiri ndi ntchembere zandonda, zomwe zimabuka mvula yoyamba ikagwa, udzu uli wanthete. Za mtundu watsopano zomwe zinalowa m'dziko muno mu nyengo ya 2016/17 zimakonda chimanga, koma za mtundu wakale zimadya udzu, ndipo zingamete bwalo lonse m'masiku ochepa. Sungunulani sopo wotsukira mbale pang'ono mu ndowa ya madzi, thirani m'mphepete mwa banga madzulo, dikirani mphindi zingapo. Ngati zilipo zituluka zokha.

Chosayenera: kupopera mankhwala a thonje kapena a tomato pabwalo lomwe ana amagubudukapo ndiponso nkhuku zimatolapo chakudya, chabe chifukwa anatsala m'botolo.

Choyenera: dikirani mvula ikhazikike musanathire feteleza. Yureya ndi waukali, nayitrojeni wake ndi magawo 46 pa 100. Kilogalamu imodzi ikukwanira malo a mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi, yomwazidwa mofanana, dothi lili lonyowa koma masamba ali ouma, kenako madzi pamwamba. Dothi lofiira la kuno nthawi zambiri limakhala la asidi, ndipo kapinga akamakana kubiriwira ngakhale mwamudyetsa, kambiranani ndi alangizi za laimu wa kumunda. Siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Lunyangwa tili nayo mumzinda momwe muno. Ine ndimakhulupirira kwambiri manyowa a nkhuku owolerana bwino, osefedwa n'kuwazidwa mopyapyala.

Chosayenera: kuthira yureya ndi dzanja lodzaza pa udzu wa mame dzuwa likutuluka. Pofika mawa lake mudzaona mapazi a munthu wothirayo atalembedwa ndi udzu wopsa. Musatenthenso kapinga poganiza kuti aphuka bwino. Moto umasiya dothi lamaliseche, ndipo amene amayamba kufika pamenepo ndi dawe ndi chisoso.

Choyenera: tchetchani pang'ono, kawirikawiri. Pa ulendo umodzi musachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Kikuyu, udzu wochokera kumapiri a ku Kenya womwe umagwirizana ndi kuzizira kwathu kuno, umasangalala ukatsala masentimita 4 kapena 5. Ukakula mpaka m'mawondo mu Januwale, kwezani matayala a makina, mudutse kamodzi, mubwerenso patatha masiku atatu kapena anayi mutatsitsako.

Chosayenera: kumeta mpala kuti mupulumutse petulo. Ndikudziwa kuti petulo ndi wodula ndipo nthawi zina amasowa, koma kapinga wometedwa mpaka dothi kuonekera amatenga milungu kuti achire, ndipo madzi a Northern Region Water Board omwe mudzamuthirire nawonso ndi ndalama.

Tsopano za mpeni, pomwe pagona nkhani yonse.

Choyenera: tsiku lotsatira mutatchetcha, thyolani tsamba limodzi muliyang'anitsitse nsonga. Mpeni wakuthwa umasiya nsonga yodulidwa bwino ngati ndi lumo. Wobuntha umakhadzula: nsonga imakhala ya ulusiulusi, imayera kenako n'kufiira, ndipo mukaima patali bwalo lonse limaoneka ngati lagwidwa matenda. Zinandichitikira chaka china. Ndinali nditagula kale mankhwala pamene bambo wina wachikulire, yemwe wakhala akusamalira makomo a anthu zaka zambiri, anathyola tsamba n'kundiikira m'dzanja. Anati, “Achimwene, udzu uwu sukudwala ayi. Makina anu akutafuna.” Titautembenuza mpeniwo, m'mphepete mwake munali mozungulira ngati chala, ndi timano tiwiri tomwe miyala inagumula.

Nolani mpeni makina akagwira ntchito maola 20 mpaka 25, ndipo mvula isanayambe nolani ndithu. Choyamba zulani waya wa pulagi. Ngati makina ndi amagetsi, chotsani kukhoma. Pendeketsani makina mbali ya fyuluta ya mpweya ili m'mwamba, kuti oyilo asalowe komwe sayenera. Tsekerezani mpeni ndi kathabwa, masulani bawuti ndi sipanala yoyenera, ndipo ikani chizindikiro ndi choko kumbali yoyang'ana pansi, chifukwa mpeni wobwezeredwa chadodolido umazungulira bwinobwino koma sudula. Nolani ndi tupa, kumbali imodzi yokha yomwe inapendekeka kale, motsatira kupendekeka komweko, pafupifupi madigiri 30. Tupa azipita kutsogolo kokha.

Chosayenera: kulowetsa dzanja pansi pa makina musanazule waya wa pulagi. Kutembenuza mpeni ndi dzanja kungathe kuliza injini, ndipo zala sizimera. Musanolenso mpaka kufika pa lezala, poti mpeni wopyapyala chotero umapindika ukangokumana ndi kamwala. Mukapita nawo kwa owotcherera, apempheni kuti galayinda isakhalitse malo amodzi; chitsulo chikasanduka chabuluu chapsa, ndipo sichisunganso kuthwa.

Choyenera: mukamaliza kunola, kolekani mpeni pa msomali wokhomedwa kukhoma, podzera pa bowo lapakati. Ukakhala mopingasa, zili bwino. Mbali ina ikagwa, ndiyo yolemera, ipaleni pang'ono mpaka zifanane. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi anthu ambiri amaidumpha, kenako amadabwa makina akunjenjemera m'manja, mabawuti akumasuka okha, mpaka chitsulo chozunguza mpeni kuwonongeka.

Chosayenera: kuwotcherera mpeni wosweka kapena kuwongola wopindika ndi hamala. Mpeni umazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi. Kachidutswa kakathothoka pa liwiro limenelo kamaboola nsapato, zenera, ngakhale mwendo wa mwana yemwe waima pakhonde. Wotero ndi wotaya.

Choyenera: yendani pabwalo ndi ndowa musanalize makina. Nkhorongo ikumangidwabe, ndipo mvula iliyonse imafukula miyala ya kware, misomali, mawaya ndi maduka. Ana alowe m'nyumba, wotchetcha avale majombo. Mukamaliza, palani udzu womata pansi pa makina, chifukwa ukauma pamenepo umabweretsa dzimbiri.

Chosayenera: kutchetcha m'mawa mame kapena nkhungu isanachoke, ndiponso kuliza makina ndi petulo yemwe wagona m'thanki kuyambira Juni.

Ambiri pano alibe makina, amadalira chikwakwa, ndipo zonsezi zikuwakhudza. Chikwakwa chobuntha chimakhadzula udzu chimodzimodzi, kuwonjezera apo chimapweteka msana wa munthu. Ngati mwalemba waganyu, m'patseni tupa pamodzi ndi chikwakwacho, ndipo mukamva kuti wasiya kutchetcha, akunola pansi pa mtengo, musamutulukire n'kumufunsa ngati watopa.