Kodi ndiike injini ya Toyota mu Peugeot 404?

Funso: Malemu bambo anga anandisiyira Peugeot 404 imene yaima pakhomo ku Matawale ku Zomba kwa zaka zambiri. Amakaniko akuti ndiikemo injini ya Toyota. Ndiwamvere?

Yankho: Musachotse injiniyo. Galimoto yakale imalemekezeka ikakhala monga inatulukira kufakitale, ndipo ogula odziwa amayamba ayang'ana ngati injini, mtundu wa penti ndi mipando zili zake zenizeni. Mukaikamo injini yachilendo, mudzadula zitsulo zimene simudzazibwezeretsanso, ndipo chuma cha bambo anu chidzatsika mtengo. Amakaniko sakunama kuti masipeya a Toyota ndi osavuta kupeza. Koma 404, imene inayamba kupangidwa ku France mu 1960, inkalumikizidwabe ku Kenya mpaka 1991, choncho zitsulo zake zikadalipo mu Africa muno, ndipo injini yake ndi yosavuta kuimasula ndi kuimanganso. Mdani wamkulu ndi dzimbiri, poti Zomba ndi wamvula, ndiye yambani ndi pansi pa galimotoyo ndipo muziisunga pamalo ofolera. Matayala, mapaipi a mabuleki ndi malabala onse okha ndiwo mugule atsopano musanayese chitunda cha Ku Chawe, chifukwa moyo sugulidwa. Chitsulo chilichonse chimene mwachotsa muchisunge.