PHUNZIRO LA SABATA INO: KUPEMPHERA MTIMA UKAPSA



Sabata yathayi ambiri mwa ife tapsako mtima. Wina kondakitala wamukaniza chenje mu minibasi. Wina amene anamukongoza ndalama sakuyankhanso foni. Wina wafika kunyumba atatopa, magetsi atazima, mwana n'kutaya ndiwo, basi mbama yamutera. Lero tabwera ku Misa ndipo tipatsana moni wa mtendere. Nanga mkwiyo uja tausiya kuti?

Kupsa mtima pakokha si tchimo

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika (ndime 1767) amatiphunzitsa kuti zomwe timamva mumtima, pazokha, si zabwino kapena zoipa. Nkhani yagona pa zomwe timachita nazo. Pa Marko 3:1-6 Ambuye Yesu anakwiya m'sunagoge poona kuuma mtima kwa anthu, koma mkwiyo wawo unathera pa kuchiritsa munthu wopuwala dzanja. Mkwiyo umasanduka tchimo ukakhala chilakolako chofuna kubwezera choipa (ndime 2302). N'chifukwa chake Paulo Woyera, pa Aefeso 4:26, akutiuza kuti tisaugoneke mpaka mawa.

Funso limene Kaini sanayankhe

Tiwerenge Genesis 4:3-8. Kaini atakwiya ndi nkhani ya nsembe, Mulungu sanamusiye yekha. Anamufunsa chimene chinamukwiyitsa, namuchenjeza kuti tchimo lili pafupi koma angathe kuligonjetsa. Taonani bwino: Kaini sanayankhe kanthu. Anangotembenukira kwa m'bale wake Abele, ndipo zotsatira zake tikuzidziwa.

Funso lomwelo Mulungu amatifunsa nthawi iliyonse mtima ukayamba kutentha. Kupemphera titakwiya ndiko kuyankha funsolo tisanayankhe munthu amene watilakwira. Pemphero limatipatsa mpata pakati pa kupsa mtima ndi kutsegula pakamwa, ndipo mumpata umenewo Mzimu Woyera amagwira ntchito.

Tichite chiyani?

1. Pemphero lalifupi nthawi yomweyo. Pamzere wa kubanki simungagwade n'kuyamba Kolona. Ingopumirani m'mwamba, itanani dzina la Yesu chamumtima katatu. Ngati ndi uthenga wa pa WhatsApp wakupsetsani mtima, ikani foni pansi, chitani chizindikiro cha mtanda, muyankhe mawa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, chifukwa ukasiya mlomo umakutsata.

2. Kunena zoona pamaso pa Mulungu. Ena timaganiza kuti tiyambe taphwa mtima kenaka tipemphere. Masalimo satero. Pa Salimo 55 wolemba akudandaula mosabisa za bwenzi lapamtima limene lamutembenukira. Nanunso muuzeni Mulungu amene wakulakwirani, zimene wachita ndi mmene zikukuwawirani. Kawirikawiri mukatero mudzapeza kuti pansi pa mkwiyo pali mantha a lendi, manyazi, kutopa kapena nsanje.

3. Kupempherera amene watilakwira pomutchula dzina. Ili ndi lamulo la Ambuye pa Mateyo 5:44, ndipo ndi lowawa. Masiku oyamba mawu amatuluka mokakamiza. Pitirizani ndithu. N'kovuta kumukonzera chiwembu munthu amene mukumupereka kwa Mulungu tsiku ndi tsiku.

4. Kudzifufuza usiku tisanagone. Lero ndakalipira ndani? Chinayambitsa n'chiyani? Ngati mwalakwa, pepesani usiku womwewo, ngakhale kwa mwana kapena kwa wantchito wa pakhomo. Pomaliza nenani Atate Athu pang'onopang'ono, mukukumbukira kuti chikhululukiro chimene tikupempha tikuchiyeza ndi chimene tikupereka kwa anzathu.

Ndikagwanso bwanji?

Francis de Sales Woyera, Episkopi wa Geneva amene anamwalira mu 1622, amadziwika ngati woyera wofatsa, chonsecho ankalimbana ndi mtima wapachala. Ankalangiza anthu kuti akagwa asadzikwiyirenso okha, chifukwa kumeneko n'kuwonjezera nkhuni pamoto. Adzuke modekha ndipo achite msanga chinthu chokoma kwa amene amukalipira uja. Nafenso tili ndi Sakramenti la Kulapa. Tiyeni tikaulule mkwiyo wathu mosapita m'mbali, ngakhale tchimolo litakhala lomwe tinaulula mwezi wathawu.

Chenjezo

Kupemphera si kubisa nkhanza. Ngati mkwiyo pakhomo wafika pa kumenya kapena kuopseza, wozunzidwayo asangoti ndipirira. Auze ankhoswe, Bambo Mfumu kapena apolisi. Wochita nkhanzayo naye afune thandizo la aphungu, pamodzi ndi kulapa kwake.

Pa Mateyo 5:23-24 Yesu akuika kuyanjana ndi m'bale patsogolo pa nsembe ya paguwa. Tisanayandikire Ukaristia lero, aliyense aganizire munthu mmodzi amene ayenera kumuimbira foni dzuwa lisanalowe.

Zokambirana ku mphakati

1. Ndi zinthu ziti zimene zimatipsetsa mtima msanga pakhomo ndi kuntchito?
2. Ana athu akuphunzira chiyani akationa titakwiya?
3. Mphakati wathu ungayanjanitse bwanji anthu amene sakulankhulana?

Pemphero

Ambuye Yesu, mukudziwa pamene mtima wanga umapsera. Gwirani lilime langa ndi dzanja langa, ndipatseni mphamvu yopepesa ndi yokhululuka, kuti pakhomo panga pakhale mtendere wanu. Amen.