Njira ya Fayilo ndi Kamzere Kopendekera Kumbuyo

Fayilo iliyonse ya m'kompyuta imasungidwa m'foda, ndipo fodayo imathanso kukhala mkati mwa foda inzake. Mndandanda wa mayina a mafoda amene kompyuta imadutsamo kuti ipeze fayilo umatchedwa njira, ndipo pakati pa dzina ndi dzina pamakhala chizindikiro cholekanitsa. Linux, macOS ndi Android zimalekanitsa mayinawo ndi kamzere kopendekera kutsogolo, /, potengera mwambo wa Unix, pamene Windows imagwiritsa ntchito kopendekera kumbuyo, \, chifukwa pomwe kampani ya Microsoft inkayambitsa mafoda mu MS-DOS 2.0 m'chaka cha 1983, kamzere koyambako kanali kale ndi ntchito ina m'malamulo olembera kompyuta.

Vuto limabuka polemba mapulogalamu. M'chinenero cha C, chimene anakonza Dennis Ritchie cha m'ma 1972, komanso m'zinenero monga Java ndi Python, kamzere kopendekera kumbuyo kakapezeka m'mawu otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu, kamasintha tanthauzo la chilembo chotsatira, kotero kuti \n amatanthauza kuyamba mzere watsopano ndipo \t amatanthauza kusiya mpata. Munthu akalemba "C:\nyimbo\tsiku.txt", Python siona foda ya nyimbo kapena fayilo ya tsiku, koma imawerenga C:, n'kudumphira pa mzere wina, n'kuwerenga yimbo, mpata, kenako siku.txt, ndipo imanena kuti fayiloyo singatsegulidwe. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti cholakwachi chimabisala, pakuti njira ngati "C:\makalata" imagwira ntchito mu Python poti \m alibe tanthauzo lapadera, ndiye wolembayo amakhulupirira kuti zonse zili bwino mpaka tsiku limene adzatchule foda yoyamba ndi n kapena t.

Pofuna kuti kamzereko kawerengedwe monga kalili, wolemba amakalemba kawiri, "C:\\nyimbo\\tsiku.txt", ndipo koyambako kamauza chinenero kuti kachiwiriko ndi kamzere wamba. Mu Python n'zothekanso kuika chilembo r patsogolo pa mawuwo, ngakhale kuti mawu otere saloledwa kuthera ndi kamzere kamodzi. Komabe mankhwala awiriwa amamangirira pulogalamu ku Windows yokha. Chanzeru kuposa zonse ndi kupereka mayina a mafoda payekhapayekha ku pathlib, gawo limene linalowa mu Python 3.4 m'chaka cha 2014, kuti ilo lisankhe cholekanitsa choyenera kompyuta imene pulogalamuyo ikugwirapo ntchito.