Ndere ndi Nkhokwe ya Pansi pa Nyanja

Kodi munaonapo madzi a pa dziŵe kapena pa damu atabiriŵira ngati madzi ophikira bonongwe? Chimene chimabiriŵiritsa madziwo ndi ndere. Ndere ndi tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi. Paokha si adani athu ayi. Chambo ndi makumba zimadya ndere, ndipo n'chifukwa chake alimi a nsomba amathira ndoŵe pang'ono m'maiŵe awo. Koma ndere zikachuluka mopyola muyeso, zimapha nsomba zomwezo. M'phunziro lino tiona m'mene zimenezi zimachitikira.

Chakudya cha ndere

Tengani thumba la feteleza wokulitsa, muone manambala atatu oyamba amene alembedwapo. Nambala ya pakati ikunena za mchere wa m'nthaka wotchedwa fosiforasi. Mchere umenewu umalimbitsa mizu ya chimanga. Umapezekanso m'ndoŵe, m'zonyansa za m'chimbudzi ndi m'nthaka ya pamwamba ya m'munda.

Ndere nazo zimaukonda kwambiri. Mvula ikakokolola nthaka, fosiforasi amapita kumtsinje, kuchoka kumtsinje amakaloŵa m'nyanja. Chimene chikadadyetsa chimanga chathu chimakadyetsa ndere.

Nkhokwe ya m'matope

Fosiforasi wambiri akafika m'nyanja amamira ndi kukakhala m'matope a pansi. M'matopemo muli chitsulo chonga dzimbiri, chomwe chija chimafiiritsa dothi la katondo. Dzimbiri limeneli limagwira fosiforasi zolimba. Tinene kuti matope ndiwo nkhokwe, dzimbiri ndilo chitseko.

Chitsekochi chimakhala chotseka ngati madzi a pansi ali ndi mpweya wabwino, umene nsomba zimapuma. Mpweyawo ukatha, chimatseguka. Nanga amatha mpweyawo ndani? Ndi ndere zomwe. Tamvani m'mene zimayendera:

1. Dzuŵa likatentha, madzi ali bata, ndere zimadya fosiforasi ndi kuswana msanga.
2. Pakapita masiku zimafa ndi kumira.
3. Pansipo zimaola, ndipo kuolako kumamaliza mpweya. Nsomba zimabanika, zina zimafa.
4. Mpweya ukatha, dzimbiri limataya fosiforasi amene linagwira, ngakhale wa zaka zambiri zapitazo. Ndere zoola zija nazo zimabweza amene zinadya.
5. Mphepo ikavundula madzi, fosiforasi uja amakwera pamwamba. Ndere zatsopano zimapeza chakudya, ulendo n'kuyambiranso.

Mwaona? Ndere zimadzitsegulira zokha nkhokwe. N'chifukwa chake nyanja ikadwala matenda ameneŵa sichira msanga. Ngakhale anthu aleke lero kutayiramo zonyansa, matope amapitiriza kudyetsa ndere kwa zaka zambiri.

Zimene zinaoneka ku Zimbabwe

Pafupi ndi mzinda wa Harare pali nyanja yochita kumanga yotchedwa Chivero. Anaimanga mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, ndipo anthu a mumzindawo amamwa madzi ake. Koma zonyansa za m'zimbudzi za mumzinda zinkatsikiranso m'nyanja yomweyo. M'zaka za m'ma 1960 madzi anayamba kubiriŵira.

M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu a mzinda anapatutsa madzi oipawo kuti azithirira msipu wa ng'ombe. Pang'ono ndi pang'ono nyanja inayamba kuyera. Koma mzinda unakula, zonyansa zinachulukanso, ndere n'kubwerera. Mu Disembala 2024 nsomba zambirimbiri zinafa, ndipo zipembere 4 zinafa zitamwa madziwo. Mitundu ina ya ndere ili ndi poizoni.

Nanga kwathu kuno?

Ife tilibe Chivero, koma tili ndi nyanja zimene zimatidyetsa. Nyanja ya Malaŵi ndi yakuya, malo ena mamita 700. Madzi ake a pansi penipeni alibe mpweya chaka chonse, ndipo ali ndi fosiforasi wambiri. Mwera ukamaomba nthaŵi yachisanu, ena mwa madzi a pansi amakwera cha kum'mwera kwa nyanja. Chakudya chimenechi chimabwera pa muyeso wake, ndipo chimathandiza kuti kumeneko kukhale nsomba zambiri.

Choopsa ndi chimene ife tikuonjezapo. Mapiri tadula mitengo, ndipo talima mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Dzinja likafika, mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imafika kunyanja ili psu ndi dothi. Mitsinje yoloŵa ndi yambiri, koma wotuluka ndi Shire yekha. Malombe ndi Chilwa ndi nyanja zosaya, kotero mphepo imavundula matope ake mosavuta. Chilwa ndiye ilibe ndi mtsinje wotuluka womwe. Choloŵa m'menemo chaloŵeratu.

Zoti tichite

Limani mizere yopingasa, ndipo bzalani udzu wa vetiva pa akalozera kuti nthaka isathaŵe.

Siyani bango, udzu ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Zimenezi zimasefa madzi ochokera kumunda.

Kwirirani feteleza pothira. Wongomwaza pamwamba amapita ndi mvula, ndalama zanu n'kupita naye.

Kumbani chimbudzi ndi kumanga khola kutali ndi madzi. Ndoŵe ipite kumunda.

Muli ndi dziŵe la nsomba? Pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho sichikuoneka n'komwe, kapena nsomba zikubwera pamwamba m'mamaŵa kudzayasamula, yambani mwaleka kuthira ndoŵe, muloŵetsemo madzi atsopano.

Madzi a thovu lobiriŵira ndi onunkha musamwe, musasambitse ana, musamwetse ziŵeto. Kuŵiritsa sikuchotsa poizoni wa ndere. Nsomba zopezeka zitafa zokha musadye. Kauzeni a mfumu ndi alangizi a za nsomba.

Kumbukirani: nthaka yotsala m'munda ndi nsima, nthaka yopita kunyanja ndi chakudya cha ndere.

Mafunso okambirana

1. Kodi fosiforasi amapezeka m'zinthu ziti pakhomo panu?
2. N'chiyani chimatsegula nkhokwe ya m'matope?
3. Chifukwa chiyani nyanja ya Chivero inabiriŵiranso?
4. Lembani dzina la mtsinje wa kwanu. Kodi madzi ake amaoneka bwanji m'dzinja? Inu ndi anzanu mungachitepo chiyani chaka chino?