Nyali Yayaka pa Makina Okumba: Musathamangire Kugula Sensa

Ntchito ili mkati, excavator ikupachira dothi mu tipa, mwadzidzidzi nyali yachikasu yayaka ndipo injini yalefuka ngati munthu wagona ndi njala. Pa sikirini palembedwa SPN 110 FMI 3. Apa ambiri amathamangira kukagula sensa yatsopano, n'kuimanga, koma nyali ija osazima. Chifukwa chake n'chakuti khodi imaloza njira yonse imene uthenga umadutsa: sensa, pulagi, mawaya ndi kompyuta ya injini yotchedwa ECM. Pamalo anayiwa, ntchito ya makaniko ndi kupeza pamene pavuta.

1. Imitsani makina bwinobwino

Ikani makina pamalo osatsetsereka, tsitsani chidebe pansi, tsekani loko ya haidiroliki ndi kuzimitsa injini. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, madzi ake amapsereza khungu. Mapaipi a dizilo a common rail nawonso musawamasule injini ikulira, poti mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yoboola thupi.

2. Lembani khodi yonse musanafufute

Jambulani sikirini ndi foni. Lembani maola a injini, kangati khodiyo yabwera, komanso ngati ilipobe pakadali pano kapena ndi yakale yongosungidwa. Afunseni oyendetsa makinawo: nyali yayaka m'mawa injini ili yozizira, kapena masana ntchito itakula? Dzulo munatsuka makina? Pali amene anawotcherera chitsulo pamakinapo? Mayankho amenewa nthawi zambiri amafupikitsa ulendo.

3. Iwerengeni khodi m'zigawo ziwiri

Makina ambiri amakono amatsata dongosolo la J1939. Nambala ya SPN imanena chimene chikuyezedwa: 110 ndi kutentha kwa madzi a injini, 100 ndi mphamvu ya oilo, 102 ndi mphamvu ya mpweya wochokera ku turbo, 190 ndi liwiro la injini. Caterpillar imagwiritsanso ntchito CID m'malo mwa SPN, ndipo Komatsu ili ndi makhodi akeake, choncho buku la makina anuwo likhale pafupi.

Nambala ya FMI ndiyo imanena mtundu wa vuto, ndipo apa m'pofunika kudekha. FMI 0 ndi FMI 1 zikutanthauza kuti ECM ikukhulupirira uthenga wa sensa, ndipo chimene chikuyezedwacho chakwera kapena chatsika moopsa. SPN 110 FMI 0 ndiye kuti injini yatenthadi: onani madzi, lamba wa fani ndi fumbi lomwe latseka rediyeta. SPN 100 FMI 1 ndiye kuti mphamvu ya oilo yatsika, ndipo injiniyo musailizenso kufikira mutayeza ndi geji yapamanja. Koma FMI 3 imati magetsi akwera kupyola muyezo, FMI 4 imati atsika kupyola muyezo, pomwe FMI 2 imati uthenga ukudukaduka. Zitatuzi zimakutumizani ku mawaya.

4. Yambani ndi maso ndi manja

Yezani mabatire poyamba. Makina a 24V akuyenera kuonetsa pafupifupi 28V injini ikulira, ndipo mitu ya batire ikhale yothina, yopanda dzimbiri. Magetsi ofooka amabala makhodi ambiri abodza nthawi imodzi.

Kenaka zulani pulagi ya sensa ndi kuunika m'kati ndi tochi. Yang'anani dzimbiri lobiriwira, madzi, oilo, kapena pini yobwerera m'mbuyo. Kokani waya aliyense pang'ono, wabwino sasolomoka. Tsatirani mawayawo ndi zala mpaka ku ECM, makamaka pamene akukhuzana ndi chitsulo kapena kuyandikira ekizozi. Makina ogona kutchire amachezeredwanso ndi makoswe.

5. Yezani sensa ya mawaya awiri

Sensa ya kutentha kwa madzi kawirikawiri imakhala ya mawaya awiri, ndipo ma ohm ake amatsika injini ikamatentha. Waya akaduka, ECM imaona magetsi okwera, n'chifukwa chake imalemba FMI 3.

Mutazula pulagi, tsegulani kiyi osaliza injini, ndipo yezani ndi multimeter mapini awiri a mbali yopita ku ECM. Pa injini zambiri mupeza pafupifupi 5V. Tsekani kiyi, lumikizani mapini awiriwo ndi kawaya kakafupi, tsegulaninso kiyi ndi kudikira kanthawi. Khodi ikasintha kukhala FMI 4, mawaya ndi ECM zili bwino, wolakwa ndi sensa kapena pulagi yake. Ikakhalabe FMI 3, kawirikawiri ndiye kuti waya waduka penapake: tsekani kiyi, zulani pulagi ya ECM ndi kuyeza waya mmodzimmodzi kuchokera uku mpaka uko.

6. Sensa ya mawaya atatu imafuna njira ina

Masensa a oilo ndi a turbo amakhala ndi waya wa 5V, waya wa ethi ndi waya wa uthenga. Apa musalumikize mapini mwachisawawa, mungaononge ECM. Waya wopereka magetsi aonetse pakati pa 4.75V ndi 5.25V, ndipo uthenga nthawi zambiri umayenda pakati pa 0.5V ndi 4.5V. Masensa angapo akalira limodzi, kaikirani 5V imene amagawana. Zulani imodziimodzi, imene mwaizula magetsi n'kubwerera, ndiyo ikudya anzake.

Khodi ya FMI 2 imafuna anthu awiri: wina agwedeze mawaya pang'onopang'ono, wina ayang'ane manambala pa sikirini kapena pa laputopu ya Cat ET kapena Cummins INSITE. Pamene manambala adumpha, vuto lili m'manja mwa wogwedezayo.

7. Konzani, fufutani, yesani

Lumikizani waya ndi zolumikizira zosalowa madzi, osati kupotokola ndi kukulunga tepi, ndipo mangani mawaya patali ndi pomwe anakhuzika. Tsopano fufutani khodi, lizani injini mpaka itenthe, ndipo makina agwire ntchito yeniyeni. ECM muikaikire pomalizira penipeni, poti ndi yodula ndipo siiwonongeka kawirikawiri. Lembani m'buku la makina khodi, maola ndi chimene mwapeza, kuti nyaliyo ikadzayakanso mudzadziwe poyambira.